Za Kucezerana kwa Ana a Sukulu, ndi Zinenero za Mitundu Yaing'ono

Mwezi uno tiri ndi mlandu, ndipo tifuna kuunena pabwalo, kuti yense amve nadziweruzire yekha. Kuli maiko ena kumene masukulu awiri otalikirana amapangana kusinthana ana ao, kuti anyamata ndi atsikana a kuno akagone masabata awiri kapena atatu kwa anzao a uko, ndi a uko adzagonenso kuno. Ndipo cimene ayendera ulendowo ndico cinenero ca mtundu wao, cimene olankhula ace ali owerengeka, ndipo cirikunka cakutha. Tsono alipo anthu, ena a iwo ophunzira ndithu, amene amaseka zimenezi, nati, Kumeneko nkutaya ndalama m'madzi. Mwana aphunzire cinenero cimene cidzampezetsa nchito, zotsalazo azisiyire agogo ace. Ife titsutsana nao anthu amenewa. Koma titsutsananso ndi ena amene amati akonda maulendowa, namawaononga ndi manja ao omwe.

Titenge mtundu umodzi, kuti tisanene za m'mutu mwathu. Wales ndilo dziko laling'ono la mapiri ndi nkhosa, kumadzulo kwa England. Eni ace ali ndi cinenero cao cao, Ciwelsh, ndipo Mngelezi akacimva sazindikira ngakhale moni. Cinenero ici cinalembedwa kalekale; Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa m'menemo m'caka ca 1588, wolimasulira William Morgan, ndipo anthu a m'midzi anaphunzira kuwerenga pa buku lomwelo. Koma m'caka ca 1847 amuna atatu otumidwa ndi Boma la ku London analemba za masukulu a ku Wales, naweruza kuti Ciwelsh ndico cobwezera anthuwo m'mbuyo. Zaka zomwezo m'masukulu ena munali kathabwa ka cingwe, kolembedwa zilembo W.N. Mwana wogwidwa alikulankhula Ciwelsh ankamkoleka kathabwako m'khosi, iyenso nazonda mnzace kuti ampatsire. Ndipo amene dzuwa lamlowera ali nako ankakwapulidwa. Ena a inu simufunsa kuti kathabwako kanali kotani, pakuti munakabvala inu nomwe pa sukulu ya kwanu, ngakhale kanali ndi dzina lina.

M'caka ca 1901 theka la anthu a ku Wales linkalankhula Ciwelsh. Pa kalembera wa 2011 anapezeka 562,000, ndiwo 19 mwa anthu 100 ali onse. Ndipo pa kalembera wa 2021 anatsikanso kufika 538,300. Nanga masukulu anagona kodi? Iai. Kathabwa kaja kanatayidwa kale. M'caka ca 1956 ku Rhyl kunatsegulidwa Ysgol Glan Clwyd, sukulu yoyamba ya ana okulirapo yophunzitsa m'Ciwelsh, ndipo lero zotere ziripo zambiri. Kuyambira 1999 mwana ali yense wa m'masukulu a Boma aphunzira Ciwelsh kufikira zaka 16. M'caka ca 2017 Boma la Wales linalumbira kuti lifuna olankhula Ciwelsh 1,000,000 pofika 2050. Koma kalembera yemweyo aonetsa cinthu codabwitsa: odziwa Ciwelsh acuruka pakati pa ana a msinkhu wa sukulu, ndipo akangoturuka m'sukulu ciwerengeroco cigwa. Nkhokwe idzala m'masika, koma pansi pace pali ciboo.

Ciboo cimeneco nciani? M'kalasi ana ambiri ayankha mphunzitsi m'Ciwelsh cosalala. Koma belu likalira, naturuka pa cipata, amabvula cineneroco pamodzi ndi malaya a sukulu. Pa mpira Cingelezi; nyimbo za m'telefoni Cingelezi; nthabwala ndi kunyogodolana Cingelezi; ndipo mnyamata akafuna kuuza mtsikana mau amene sangawanene pamaso pa amace, atola Cingelezi comwe. Tiyenera kuumvetsa msinkhu umenewu. Mwana wa zaka 7 amalankhula cimene amva kwa amace, ndipo munthu wa zaka 40 anakhazikika kale, sasinthanso lilime. Koma pakati pa zaka 13 ndi 18 munthu asankha kumene adzaima, ndipo omweruza ace ndiwo anzace a msinkhu wace. Atate ndi mphunzitsi mau ao apepuka masiku amenewo. Cinenero cimene cimcititsa manyazi pamaso pa anzace adzacisiya, ndipo pokwatira sadzaciyamwitsa ana ace. Pamenepo mpamene cinenero cimafera, ngakhale maliro ace amacedwa zaka 60, kufikira itamwalira nkhalamba yotsiriza.

Ndipo cobvuta ca mnyamata wa ku Wales ndi ici, cakuti yense wodziwa Ciwelsh adziwanso Cingelezi. Liu likamthawa, kapena manyazi akamgwira, ali ndi pothawira nthawi zonse, monga mbewa ya una wa makomo awiri. Wokumba mbewa adziwa cimene ayenera kucita poyamba: atseke khomo linalo.

Tsono tamvani za combo cina. M'caka ca 1865 combo cochedwa Mimosa cinanyamuka ku Liverpool ndi Awelsh ngati 150, amuna, akazi ndi ana, ndipo pa 28 July cinakoceza pa gombe la Patagonia, kumwera kwa Argentina. Wowafulumiza ulendowo anali mbusa wa ku Bala, Michael D. Jones, amene anaona kuti Awelsh opita ku America amasungunuka pakati pa olankhula Cingelezi monga mcere m'madzi, nawafunira malo a kutali kumene adzakhala paokha. Cimene anapeza ndico cipululu ca mphepo, cosowa mitengo ndi mvula. Akadatha ndi njala, koma eni dziko, Atehuelche, anawaphunzitsa kusaka, nasinthana nao nyama ndi mkate. Ndipo pambuyo pace alendowo anakumba ngalande zopatutsa madzi a mtsinje wa Chubut, nalima tirigu. Anamanga Trelew ndi Gaiman m'cigwa, ndi Trevelin kutali patsinde pa mapiri a Andes, dzina lace ndilo mudzi wa mphero. Koma Boma la Argentina linaika Cisipanishi m'masukulu, obwera atsopano analeka kufika, ndipo Ciwelsh cinabwerera m'nyumba za mapemphero ndi pa moto wa agogo. Lero ocilankhula kumeneko ena amati ali 1,500, ena amati afika 5,000.

Abale awiriwa anakumbukirana pa cikondwerero ca zaka 100, m'caka ca 1965. Kuyambira 1997 aphunzitsi a ku Wales amatumidwa ku Chubut. Ku Trelew kunatsegulidwa Ysgol yr Hendre m'caka ca 2006, ndi ku Trevelin Ysgol y Cwm m'caka ca 2016, masukulu ophunzitsa m'Ciwelsh ndi m'Cisipanishi pamodzi. Ndipo bungwe la ana ndi anyamata a ku Wales lochedwa Urdd, limene analiyamba Ifan ab Owen Edwards m'caka ca 1922, lakhala likutumiza magulu a anyamata ndi atsikana kuoloka nyanja, ulendo wa mamailosi oposa 7,000, kukaceza m'masukulu ndi m'midzi ya ku Chubut. A ku Chubut ena nadzanso ku Wales kudzaphunzira.

Taganizirani tsopano mtsikana wa zaka 16 wa ku Wales, atafika m'nyumba ya ku Gaiman. Cisipanishi sacidziwa. Eni nyumba Cingelezi cao ncocepa, kapena palibe konse. Afuna madzi osamba. Afuna kudziwa cifukwa cace cakudya ca madzulo cicedwa kufikira usiku. Ampatsa cikho ca cakumwa cowawa cochedwa mate, cimene amwera onse mozungulira ndi kampope kamodzi kacitsulo, ndipo sadziwa ngati kukana nkwamwano. Atseguka pakamwa, napeza kuti palibe mau ena koma a Ciwelsh, cija ankacibvula pa cipata ca sukulu. Khomo lina lija latsekeka. Cinenero cimene kwao cinali nchito ya m'kalasi, yolembera mayeso, kuno ndico comumwetsa madzi ndi kumpezetsa bwenzi. Alakwa mau, namseka, iyenso nawaseka iwo, pakuti Ciwelsh cao camveka ndi kayimbidwe ka Cisipanishi. Ndipo pakutha masabata awiri lilime lace lamasuka koposa m'mene linamasukira zaka zonse za m'kalasi.

Ndipo mnzace wa ku Gaiman, iye apindulanji? Ife tiyesa kuti apindula koposa. Iye anakula alikumva Ciwelsh m'nyimbo za Sabata ndi m'kamwa mwa okalamba, naciyesa cinthu ca pamaliro ndi pa tiyi wa agogo. Lero aona anzace a msinkhu wace, a tsitsi lometa modabwitsa, alikukangana za mpira m'cinenero comweco, nanyogodolana naco, nalemberana naco pa telefoni mau acidule amene mphunzitsi sanawaphunzitse. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Cimene amace anacondelera zaka zambiri osapambana, mlendo wa masabata awiri acicita osadziwa nkomwe kuti alikucita kanthu. Ndipo popeza masiku ano kuli intaneti, ubwenziwo suthera pa bwalo la ndege. Amatumizirana mau ndi zithunzi usiku, m'cinenero cokhaco cimene aciphatikiza awiriwo.

Tibwere kwa oseka aja. Akuti cinenero cacing'ono sicidyetsa munthu. Tiwafunse: mnyamata wa ku Wales wopita ku Chubut, Cingelezi cace cimtayika m'nyanja kodi? Abwera naco conse, ndi mau ena a Cisipanishi pamwamba pace. Mutu wa mwana suli mtsuko, wakuti ukathiramo ici cina citayike. Ife tomwe tiri ndi ana a ku Karonga ndi ku Nsanje olankhula zinenero zitatu asanafike Sitandade 5, ndipo palibe anadwala nazo. Kunena za nchito, m'caka ca 2011 lamulo linaika Ciwelsh kukhala cinenero ca Boma m'dziko la Wales, kotero kuti m'maofesi, m'zipatala, m'masukulu ndi pa wailesi wocidziwa amafunidwa. Koma ngakhale cikadapanda kupatsa munthu kobiri, sitikadabvomera muyeso wao. Amene ayesa zinthu zonse ndi malipiro ayambe watiuza malipiro a kudziwa dzina la mbumba yace. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Akutinso ndalama zace nzambiri. Apa pokha anena zoona pang'ono. Ulendo wa ndege wotere ngwodula, ndipo ana ambiri amasonkha okha ndalamazo miyezi yambiri, ndi kugulitsa makeke ndi kuimba m'midzi. Britain itaturuka m'cigwirizano ca maiko a Ulaya, ana a ku Wales anataya thandizo la Erasmus, ndipo m'caka ca 2022 Boma lao linayamba thumba lace lochedwa Taith, ndiko kuti ulendo, naliikira mapaundi 65 miliyoni, la maulendo a ophunzira a mitundu yonse. Ngati maulendo otere adzakhala a ana a eni cuma okha, pamenepo tidzagwirizana ndi oseka, pakuti cinenero ca mtundu cimakhala m'nyumba za osauka koposa. Koma mankhwala a cimeneco ndiwo kuthandiza wosauka kuti apite. Ndipo oseka aja sitinawamve akupempha zimenezo. Ndalama zomwezo zikatumiza ana ku Paris kukaona nsanja ndi kugula zipewa, iwo akhala cete.

Tsono kwa abwenzi oononga. Kutsidya kwa nyanja, m'dziko la France, kuli cigawo ca Brittany, ndipo cinenero cace, Cibreton, ndi mbale wa Ciwelsh. Mkate onse auchula bara. Nyanja ena ati môr, ena mor. Nyumba ena ati tŷ, ena ti. Garu ena ati ci, ena ki. Nakonso ana ankakolekedwa kanthu m'khosi polankhula ca kwao. Olankhula Cibreton anali ngati 1,000,000 pakati pa zaka za m'ma 1900, koma m'caka ca 2018 anatsala ngati 200,000, ambiri a iwo okalamba. Ndipo makolo anayamba okha masukulu ochedwa Diwan m'caka ca 1977 kuti apulumutse cotsalaco. Kusinthana ana pakati pa Wales ndi Brittany kuoneka kokoma, ndipo ulendo wace ngwaufupi. Koma ubale wa zinenero ziwirizi unatalikirana zaka zoposa 1,000, kotero kuti anawo akatha kuwerengerana mkate, nyanja, nyumba ndi garu, sathanso kumvana. Nanga acitanji? Atola Cingelezi, cimene Mbreton anaciphunzira m'kalasi. Taonani cimene cacitika: ana a mitundu iwiri yaing'ono asonkhana kuti alimbitse zinenero zao, ndipo cimene calimba sabata imeneyo ndico ca mtundu waukulu.

Sitinena kuti ulendo wotere ulibe phindu konse. Mwana amene ankayesa kuti mtundu wace wokha ndiwo wotembereredwa aona kuti manyazi ace alinso ndi ena, ndipo kumeneko kumamuongola msana. Koma cimene tidana naco ndi macitidwe a akulu ena pa maulendo otere, kuli konse acitika. Ana awagoneka onse pamodzi m'hotela, kumene acezerana okhaokha usiku wonse m'cinenero cacikulu. M'mawa awabveka zobvala za makolo, zimene agogo ao omwe sanazibvale, nawaimika pa nsanja kuti abvine pamaso pa mfumu ya mzinda. Pamenepo mwana mmodzi wanzeru awerenga pepala lonena kuti cinenero cathu ncokoma ndipo cirikufa, ndipo aliwerenga m'Cingelezi, kuti alendo amve. Ajambula zithunzi, aomba m'manja, nabwerera. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ulendo wotere uphunzitsa mwana cinthu cimodzi cokha, cakuti cinenero ca kwao ndi cobvala ca tsiku la cikondwerero, coyenera kupindidwa ndi kubwezedwa m'bokosi. Ndipo ici ndico comwe ankaciganiza asananyamuke.

Ngati afuna kuti ulendo ubale, asankhe sukulu kumene cinenero cacing'onoco ndico cokha columikiza anawo. Mwana mmodzi agone m'nyumba imodzi, adye za pamenepo, atumidwe ku msika. Ayambe kulemberana miyezi ingapo asanaonane. Ndipo akakomana, aphunzitsi afutukeko pang'ono. Awaleke anene za mpira, za nyimbo, za makolo obvuta, za mayeso, ndi za amene mtima wao ukonda, pakuti izi ndizo nkhani za msinkhu wao, ndipo cinenero cosatha kunyamula izi adzacisiya ngakhale muwaimbire nyimbo zingati za makolo.

Pali cina cimene sitingacilumphe. Awelsh aja anaoloka nyanja kukabisa cinenero cao, ndipo cikali moyo. Koma Atehuelche amene anawadyetsa nyama, asilikari a Argentina anawapitikitsa ndi kuwapha pa nkhondo ya m'zaka za 1878 kufikira 1885, ndipo Dora Manchado, amene anadziwika monga wotsiriza kulankhula bwino Citehuelche, anamwalira m'caka ca 2019. Ana opita ku Chubut akabwera osamva nkhani imeneyi, aphunzitsi ao awabisira theka la phunziro. Mtundu wolira kuti waponderezedwa ukhoza kukhala utaima pa phazi la wina.

Mau amenewa atibweza kwathu, ndipo atilasa ife tomwe. Pamaso pa Cingelezi ife olankhula Cicewa tiri aang'ono. Koma m'Malawi muno ndife aakulu. M'caka ca 1968 Cicewa cinaikidwa cinenero ca dziko lonse, ndipo Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Cinabweranso pa wailesi m'caka ca 1994. Alomwe anadza kucokera ku Mozambique nagwira thangata m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, nachulidwa dzina lacipongwe, kufikira Lewis Bandawe ndi anzace analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940. Pa kalembera wa 1966, anthu oposa 14 mwa 100 ali onse ankalankhula Cilomwe pakhomo pao. Pa kalembera wa 1998 sanafike atatu. Cikhalireco pa kalembera wa 2018 odzichula Alomwe anali pafupi 19 mwa 100. Anthu alipo, cinenero ndico capita, ndipo cimene cinalowa m'malo mwace sindico Cingelezi, koma cathu comwe cino cimene mulikuwerenga. Panalibe kathabwa, kunali kuseka kwa anzao pa dambwe ndi pa citsime.

Nanga Patagonia wa mwana wa ku Phalombe ali kuti? Safuna ndege. Aoloke pa Muloza, apitirire Milange, kumene Cicewa cikali kumveka, nalowe m'kati kufikira ku Gurue, patsinde pa phiri la Namuli, limene Alomwe amalichula kwao kwa makolo. Kumeneko mnzace wa zaka 15 aphunzira m'Cipwitikizi, sadziwa Cingelezi, ndipo pakhomo alankhula Cilomwe tsiku lonse. Khomo lina lija latsekeka lokha, popanda mapaundi 65 miliyoni. Momwemonso ana a abale athu amene anapita ku migodi ndi ku minda ya ku Zimbabwe: lamulo lalikulu la dzikolo la 2013 linawerenga Cicewa pakati pa zinenero zace 16, koma zidzukulu zambiri za amacona zilankhula Cishona kapena Cindebele, ndipo Cicewa cao cingadzuke atagona mwezi umodzi ku Dedza kapena ku Katete, m'nyumba imene Cishona sicimveka.

Wina adzati Cilomwe ca ku Gurue casiyana ndi ca ku Phalombe, ndipo mwana wathu adziwa mau ocepa okha a agogo ace. Inde casiyana, monganso Ciwelsh ca ku Gaiman casiyana ndi ca ku Bala. Adzasekana masiku atatu oyamba. Winanso adzati za ziphaso za pa malire, ndi za cakudya, ndi za kusunga atsikana m'nyumba za eni. Izi nzoona, ndipo nzofuna akulu okhulupirika a mbali zonse ziwiri, makalata a makolo, ndi amai aakulu operekeza. Makomiti a masukulu athu amatha kuumba njerwa 100,000 ndi kusonkha cimanga ca phala la ana caka conse. Galimoto imodzi ya ana 20, ndi matumba awiri a ufa opita nao kwa owalandira, siziwakanika. Mwezi woyenera ndiwo wa cilimwe, atakolola, miseu ya ku Zambezia isanaterere ndi mvula.